KOMPYUTA IWERENGE MAINA A ALIMI MWANZERU

Mvula ikagwa mu Novembala, mlimi wa ku Petauke kapena ku Nyimba afunika kukhala ndi mbeu ndi fataleza m'nyumba. Boma linayamba pulogramu yothandiza alimi ang'onoang'ono ndi fataleza mu 2002, ndipo mu 2017 linakhazikitsa ZIAMIS, kaundula wa pa kompyuta wosunga maina a alimi a FISP. Kuyambira pamenepo, dzina la mlimi liyenera kupezeka m'failo ya pa kompyuta iye asanalandire kanthu.

Kompyuta ilibe nzeru zakezake. Imatsata malangizo olembedwa ndi munthu m'cinenero ca makina, monga Python, cimene Guido van Rossum anaturutsa mu 1991. Wolemba malangizo akakhala wosasamala, makina amacedwa, ndipo alimi amagona pa mzere.

Mai wanzeru sakhuthulira nkhokwe yonse mu mtondo. Amatapa lichero limodzi, nasinja, natapanso lina. Coteronso failo yaikuru iwerengedwe mzere umodzi pa nthawi, cifukwa kompyuta yaing'ono ikameza failo yonse nthawi imodzi imalemedwa, mwina nkuima.

Caciwiri, failo iwerengedwe kamodzi kokha, maina nkuikidwa m'ndandanda motsata nambala ya citupa ca NRC. Pamenepo makina amapita molunjika pa dzina lofunidwa, osayambanso pamwamba mlimi aliyense akafika. A Phiri, a Tembo ndi a Mwanza ndi ambirimbiri m'midzi ya a Kalindawalo ndi a Ndake, ndipo cowasiyanitsa ndico nambala ija. Cacitatu, failo itsekedwe nchito ikatha, kuti zolembedwa zisaonongeke magetsi akazima.

Alimi naonso ali ndi mbali yao. Nambala ya NRC ili ndi manambala 9, ndipo imodzi yokha ikalakwika, makina amati munthuyo kulibe. Tsono mlimi aliyense aone ndi maso ake zimene mlembi wa kopaletivu walemba, asanacoke pa malo olembetsera.

Mu 2015 ana a Giredi 9 analemba mayeso a maphunziro a kompyuta kwa nthawi yoyamba. Makolo alimbikitse ana ao kupitiriza mpaka adziwe kulemba malangizo a makina, kuti wokonza zolakwika m'failo adzapezeke pa boma pomwepo, osadikira wocokera ku Lusaka pamene cimanga cikucita cikasu m'munda.