Musaiwale mizere ya mandasi pogawa munda

Alimi anzanga, mvula isanagwe mabanja ambiri kuno ku Dedza amakhala pansi n'kugawa munda: chimanga apa, nyemba apo, kachewere kumtunda, kabichi kudimba. Ine sabata ino ndabwera ndi dandaulo. Pogawapo, beseni la mandasi la amayi silipatsidwa ngakhale mzere umodzi, pamene ndilo limadyetsa banja nkhokwe ikayamba kuoneka pansi.

Tsiku lina ndinacheza pakhomo pena kufupi ndi Bembeke. Bambo a pakhomopo anandiwerengera mwaluso matumba a kachewere amene anagulitsa kwa mavenda. Ndinawafunsa kuti, "Nanga bambo, mchere, sopo, ndalama ya kuchigayo ndi makope a ana m'mwezi wa February zinkachokera kuti?" Anangokanda kumutu. Mayi, amene ankapeta chapatali, analoza beseni lovundikira ndi nsalu yoyera pakhonde, nati, "Funsani ilo, alangizi."

Ndalama ya kachewere imabwera kamodzi kapena kawiri pachaka, ndipo tisanamizane, ina imathera pamsika isanaone khomo la nyumba. Ya mandasi, zitumbuwa ndi chikondamoyo ndi yochepa koma imalowa tsiku ndi tsiku. Nanga bwanji sitiiwerengera ngati gawo la ulimi wathu?

Bizinesi ya amayiyi ili pa mavuto chifukwa cha ufa wa tirigu. Tirigu amalimidwa pang'ono m'madera ozizira monga ku Tsangano ndi ku Neno, koma pafupifupi yense amene timadya m'dziko muno amachokera kunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, mtengo wake unakwera dziko lonse lapansi. Kenaka kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023. Mayi wa ku Linthipe kapena ku Lobi sanaitanidwe pa zokambirana zimenezi, koma ndiye anayamba kudula mandasi aang'ono, makasitomala n'kumamunena kuti wayamba umbombo.

Mankhwala a vutoli ali m'munda mwathu momwe. Ndikunena mbatata yofiira mkati. Akatswiri a kafukufuku wa zaulimi m'boma, mogwirizana ndi bungwe la International Potato Center, anatulutsa mu 2011 mitundu ya Kadyaubwerere, Kaphulira, Chipika, Mathuthu ndi Anaakwanire, kuonjezera pa Zondeni imene alimi ankaidziwa kale. Mbatatayi mukaitsuka, kuiphika ndi madzi ochepa, kuisenda ndi kuiphwanya mpaka isalale, imalowa m'malo mwa gawo la ufa wa tirigu. Pa magawo 10 a ufa, mutha kuchotsa atatu kapena anayi n'kuikapo mbatata. Poyamba yesani magawo awiri kuti dzanja lizolowere. Muchepetse shuga chifukwa mbatatayo ndi yotsekemera kale, muchepetsenso madzi pokanda. Mandasi ake amafewa, amaoneka achikasu mkati, ndipo ali ndi vitamini A amene amateteza maso ndi thupi la ana.

Kulima kwake sikuboola m'thumba. Mizere italikirane masentimita 75, ndipo kholowa wodula masentimita 30 mubzale motalikirana masentimita 30. Safuna feteleza wambiri ngati kachewere, safunanso kupopera mankhwala a chiwawu sabata ndi sabata. Kuno kumapiri mbewuyi imachedwerako kukhwima chifukwa cha kuzizira, choncho bzalani ndi mvula yoyamba kuti mukumbe chisanu cha June chisanafike. Nthaka ikang'ambika pamzere, kwirirani msanga, chifukwa m'ming'alumo ndi momwe anankafumbwe amalowera. Ndipo sungani kabedi ka kholowa kudimba m'chilimwe. Ambiri amalephera pamenepa, mvula ikagwa n'kumayenda khomo ndi khomo kupempha mbewu. Amene ali ndi dimba la madzi abzaleko mizere ina mu August, chisanu chikatha, kuti mbatata ipezeke m'miyezi ya njala.

Beseni la mandasi limadyanso nkhuni. Tonse tikuona mmene mitengo yathera m'phiri la Dedza ndi m'nkhalango ya Chongoni. Mayi amene wayenda m'mawa wonse kukafuna nkhuni sangakazinge mandasi n'kufika pamsika nthawi yabwino. Bzalani mitengo m'malire a munda, ndi tsinde la nsungwi m'mbali mwa khwawa. Nsungwi zomwezo zidzakupatsani malichero ndi madengu ogulitsa. Chitetezo mbaula, imene magulu a amayi amaumba ndi dothi, imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Amene amanyoza ntchito ya dothi akaone alendo amene amaima pa Dedza Pottery chiyambire 1987.

Musaiwalenso alonda a katunduyu. Mphaka amateteza ufa ndi nkhokwe ku makoswe, galu amateteza nkhuku ndi zonse za pabwalo. Galu wongodya mkute ndi miyala sangalondere. Mpatseni chakudya ndi madzi, ndipo chaka chilichonse akabayidwe katemera wa chiwewe kwa alangizi a ziweto. Chiwewe chikaonekera mwa munthu sichichizika. Mwana akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndikudziwa kuti abambo ena anena kuti malo ndi ochepa, ndipo mzere uliwonse wa mbatata walanda malo a kachewere wa ndalama. Ndi zoona, minda yathu yachepa. Koma kachewere ndi mbewu ya chiopsezo. Chiwawu chitha kupsereza munda wonse m'masiku ochepa a mvula yamvumbi, ndipo onse tikakolola nthawi imodzi, mtengo amatchula ndi venda. Mizere 10 kapena 15 ya mbatata siigwetsa mlimi. Imangothandiza kuti chaka choipa chisapeze banja lili manja lende.

Amayinso ali ndi dandaulo lomveka: "Mwationjezera ntchito." Apa mpomwe pagona nkhani. Ngati mizereyi ndi ya banja, bambo aigwirire khasu, athandize kukumba, anyamule nkhuni panjinga. Mutu umodzi susenza denga. M'midzi yambiri ya chikamwini munda ndi wa kuchikazi, koma thumba la ndalama limakhala kwa bambo. Funsani ankhoswe, adzakuuzani kuti milandu yambiri imene amaweruza kukolola kukatha imayamba ndi funso lakuti, "Ndalama ija ili kuti?"

Pempho langa ndi laling'ono. Chaka chino pogawa munda, khalani awiri pamkeka ndi kope ndi pensulo. Lembani ndalama ya kachewere, lembaninso ya beseni. Mukatero, mayi atchule okha mizere imene akufuna, ndipo bambo muipatse malo abwino, osati kutsala kwa munda kumene kuli miyala.