Wa kabaza ayambe wadziwa kilatchi asananyamule munthu

Imani pa siteji ya kabaza pa Mponela kapena pa Dowa boma, mufunse anyamata kuti njinga yamoto anaiphunzira bwanji. Ambiri akuuzani zofanana: mnzawo anawabwereka Lifo pa bwalo la mpira, anazungulira masana amodzi, mawa lake n'kuyamba kunyamula anthu. Komatu bwalo la mpira ndi lafulati, pomwe ku Dowa ndi ku Ntchisi kuli zitunda zambiri.

Kuthamanga aliyense amatha. Chovuta n'kunyamuka pakati pa chitunda, kumbuyo kuli mayi wobereka mwana ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ukangotaya kilatchi mwachangu, kainjini ka 125cc kamazima, njinga n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Wamantha amathamangira buleki yakutsogolo, koma pokwera kulemera konse kumakhala kumbuyo, ndiye pa msewu wafumbi tayala lakutsogolo limangotsetsereka. Wovulala ndi mayi uja ndi mwana wake, pa ngozi yomwe njinga sinathamange n'komwe.

Chonsecho luso lake si lamatsenga ayi. Phazi lamanzere pansi, lamanja liponde buleki yakumbuyo. Giya wani. Patsani moto pang'ono, kenako masulani kilatchi pang'onopang'ono mpaka mumve kulira kwa injini kukutsika, njinga ikufuna kukoka. Pamenepo gwirani dzanja, musamasulenso, ndipo chotsani phazi pa buleki mwakachetechete. Ikafuna kuzima, finyani kilatchi pang'ono, osati kuwonjezera moto ngati mukuopseza agalu. Malo amene kilatchi imayambira kugwirawo amasiyana pa njinga iliyonse, ndiye mukabwereka ya mnzanu yambani mwawafufuza.

Za aja amazimitsa injini pamtsetse ati posunga mafuta, aise, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

A Road Traffic amanena za layisensi ndi chipewa, ndipo akunena zoona. Koma mnyamata wa ku Malomo kapena ku Mvera, amene amamuona tsiku ndi tsiku ndi tcheyamani wa siteji yake. Ife tikuti matcheyamaniwa asamangotolera ndalama yolowera. Wobwera kumene apite naye pa chitunda, ngati zija za njira ya ku nkhalango ya Ntchisi, amumangirire thumba la mchenga kumbuyo, aime n'kunyamuka kakhumi osazimitsa. Akalephera, abwerenso sabata ya mawa.