Penti wa mphira sachiza dzimbiri

Abale anga a ku Massangulo, Ngauma, Mandimba mpaka ku Cuamba, sabata ino tiyeni tikambirane za magalimoto amene amatinyamula. Ambiri a ife tilibe galimoto, koma tonse timakwera. Mayi wodwala amakwera popita kuchipatala, mlimi amakwezapo mabelo a fodya, wageni wochokera ku Chiponde amakwezapo matumba ake. Chithereni nkhondo mu 1992, anthu atabwerako ku Malawi kumene anathawira, mapikiapu ndiwo akhala miyendo yathu. Choncho chitsulo chimene timapondapo kumbuyo kwa pikiapu ndi nkhani ya ife tonse.

Mwina mwaonapo Land Cruiser kapena Hilux itapakidwa penti wachilendo, wokhuthala, wokhakhala ngati khungwa la mtengo, kawirikawiri wakuda. Ena amapaka kumbuyo kokha kumene kumakhala katundu, ena amapaka galimoto yonse mpaka padenga. Anzathu amene anakhalako ku Joni amaitcha ntchito imeneyi rubberising. Ife tingoti penti wa mphira, ngakhale si mphira wa matayala ayi. Ndi mankhwala a mtundu wa pulasitiki otchedwa polyurethane, amene amawapopera pa chitsulo nkuuma gwa. Kampani ya Rhino Linings, imene inayamba ntchitoyi ku America mu 1988, inakhazikitsidwa ndi munthu wochokera ku South Africa. Mtundu wina wotchuka ndi Raptor, wopangidwa ndi kampani ya ku Britain ya U-POL.

Penti ameneyu ndi wothandiza ndithu kwathu kuno. Nzoona kuti msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi Massangulo kukafika ku Lichinga tsopano ndi wa phula. Koma tangopatukani pang'ono kulowera kumidzi, kuminda kapena ku nyanja ya Amaramba, mupeza fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Onaninso zimene timakweza. Makasu, njinga ndi makreti zimakala penti wamba mpaka chitsulo kuonekera. Kenaka pamabwera matumba a feteleza, mchere, nsomba ndiponso mbuzi zimene zimakodzera pomwepo. Dzimbiri limafuna zinthu zitatu zokha: chitsulo, madzi ndi mpweya. Mchere ndi feteleza zimakoka chinyezi ndipo zimalifulumizitsa zedi. Penti wa mphira akapakidwa bwino pa chitsulo chabwino, amatseka njira ya madzi ndi mpweya, sakalika msanga, komanso katundu saterereka.

Koma mvetsetsani apa, abale anga. Penti ameneyu amateteza chitsulo chamoyo, sachiza chowola. Munthu akapopera pamwamba pa dzimbiri, pentiyo sagwira chitsulo, amangokhala ngati bulangete lofunditsa bala. Pakapita miyezi amatukuka, nkung'aluka pang'ono. Madzi amalowa pamng'alupo ndipo satulukanso, chifukwa dzuwa ndi mphepo sizifikako. Dzimbiri limadya mwakachetechete pansi pake pamene pamwamba pakuoneka pokongola. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku lina galimoto italema ndi anthu ndi matumba, ikagunda dzenje, pansi pamabooka. Amene amavulala ndi uja wakhala kumbuyo, mwini galimoto ali phee kutsogolo.

Apa ndiye pofunika kusamala kwa inu amene mwasonkha ndalama za fodya kapena za thonje kuti mugule pikiapu yakale. Mukaona galimoto yokalamba koma penti wake wa mphira ali watsopano, musathamangire kusangalala. Funsani chifukwa chake wapakidwa dzulodzulo pamene galimotoyo ikugulitsidwa. Safunsa anadya phula. Pitani ndi makaniko amene mumamukhulupirira, osati wobwera ndi wogulitsayo. Yalani thumba pansi, mugone chagada, muyang'ane kunsi ndi tochi. Onani chassis, makamaka pamene masipuling'i amangiriridwa ndi pamene bodi yakhalira. Gogodani ndi hamala yaing'ono: chitsulo chabwino chimalira ngwee, chowola chimangoti phu nkumagwetsa zinyenyeswa zofiira. Onaninso ngati nambala ya chassis ikuwerengeka ndipo ikufanana ndi imene yalembedwa mu livrete. Ngati nambalayo yakwiriridwa ndi penti, bwezani ndalama m'thumba. Ngakhale Land Rover zakale, zimene bodi yake ndi ya aluminiyamu yosachita dzimbiri lofiira, chassis yake ndi yachitsulo ndipo imawola ngati ina iliyonse.

Nanga inu eni magalimoto amene mukufuna kupaka moona mtima? Ntchito yaikulu si kupopera ayi, koma kukonzekera. Tsukani matope onse ndi mafuta onse. Palani dzimbiri ndi burashi ya waya ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale. Pamene pabooka, adule ndi kuwotcherera chitsulo china, osamata ndi zomatira. Penti wakale amene akadali wolimba mumukwechese ndi sandipepa kuti watsopanoyo apeze pogwira. Pa chitsulo chosapakidwa kanthu, yambani mwapaka penti woyamba uja amati primer. Zonsezi zimatenga masiku, pamene kupopera kwenikweniko ndi kwa maola ochepa. Mmisiri akakuuzani kuti mubwere nayo m'mawa mudzaitenge masana, dziwani kuti akudumpha ntchito.

Raptor amasakaniza magawo 3 a penti ndi gawo 1 la mankhwala oumitsa, ndipo mukasakaniza muli ndi ola limodzi lokha asanayambe kulimba m'botolo. Choncho osasakaniza mabotolo onse nthawi imodzi. Pakani nyengo youma, osati pakati pa Disembala ndi Malichi pamene mvula ili pachimake, ndipo pezani malo opanda fumbi. Mukatha, galimotoyo ipume pafupifupi sabata yathunthu isananyamule katundu wolemera. Ndikudziwa kuti sabata yopanda ulendo ndi ndalama zotayika, koma kupaka kawiri nkodula koposa, ndipo penti ameneyu akauma savuta pang'ono kuchotsa.

Pali malo osafunika kupaka: ekizozi, mabuleki, injini, mabawuti amene mudzafune kumasula, ndi timabowo totulutsira madzi pansi pa bodi ndi zitseko. Mukatseka timabowo timeneti mwasandutsa galimoto yanu chidebe chosungira madzi.

Ndipemphenso za anyamata amene amagwira ntchito m'magalaji. Mankhwala oumitsa aja ali ndi poizoni wotchedwa isocyanate, amene amaononga mapapo ndipo amatha kuyambitsa mphumu yosatha. Kansalu komanga pamphuno sikateteza kanthu. Wopopera avale chophimba kumaso chenicheni chopangidwira ntchito ya penti, magolovesi ndi zovala zofika m'manja, ndipo apopere pamalo podutsa mphepo, kutali ndi moto. Ana asaonerere pafupi. Mabotolo otsala musawapereke kwa amayi kuti azisungiramo mafuta ophikira kapena madzi akumwa.

Za mtundu nazonso muganizire. Chakuda chimamwa dzuwa. M'mwezi wa Okutobala, munthu wokhala pa chitsulo chakuda kuchokera ku Mandimba mpaka ku Cuamba amafika atapsa ndithu, ndipo galimoto yopakidwa chakuda mpaka padenga imatentha m'kati ngati uvuni. Penti wa mphira alipo wa mitundu yowala. Kumbukiraninso kuti mtundu wa galimoto unalembedwa mu livrete. Mukasintha yoyera kukhala yakuda osakakonzetsa mapepala, mudzavutana ndi apolisi apamsewu komanso pachipata cha malire.

Amene mulibe ndalama za penti ameneyu musadandaule. Yalani lona kapena pepala la pulasitiki musanakweze feteleza, mchere ndi nsomba. Mukatsitsa, sesani ndi kutsuka tsiku lomwelo. Ngati munayala matabwa kapena mphira pansi, muzichotsa kawirikawiri kuti paume. Mvula ikatha, gwetsani matope onse amene amamatirira kunsi. Tsache ndi ndowa ya madzi zasunga magalimoto ambiri kuposa penti wopakidwa mwachinyengo.

Ndipo ife okwera tili ndi pakamwa. Mukaona pansi pa pikiapu pakunyenyeka, kapena mukuona msewu kudzera pabowo, muuzeni dalaivala poyera, ndipo mwana musamukhazike pamenepo. Ndalama ya ulendo timalipira kuti tikafike amoyo.

Tikumanenso sabata yamawa pa tsamba lomwe lino. Yendani bwino.