Za Pakhomo Pathu: Nyumba Yotakasuka ya Kunyanja

Amayi ndi abambo amene mwapeza nyumba yotakasuka m'mbali mwa nyanja, kaya ku Senga Bay kaya ku Mangochi, musafulumire kuidzaza. Chipinda chachikulu chimanyenga. Mwini wake amachita nacho manyazi chikakhala mbee, nathamangira ngongole ya masofa a nsalu yokhuthala ndi kapeti wofika kukhoma. Komatu kunyanja kapeti ndiye nkhokwe ya mchenga, ndipo sofa wotere amamwa chinyezi cha dzinja nayamba kuchita chuku ngongole isanathe.

Mipando yoluka ya nsungwi ndiyo iyenera malo otere. Imapitisa mpweya, ndipo ngakhale mwana akhoza kuinyamula kupita nayo pakhonde. Pansi yalani mikeka ya mlaza, pakuti mkeka ungofuna kukutumula, basi. Mipandoyo iyang'ane kuzenera, osati kukhoma. Nyanja yakongoletsa kale mbali imeneyo, inu musapikisane nayo. Khoma linalo chimkwanira chosema chimodzi cha ku Mua.

Makatani akhale opepuka, koma okhala ndi zomangira, chifukwa mwera wa m'miyezi yozizira suchita ulemu. Mazenera onse atchingidwe ndi waya wa udzudzu, ndipo nyale isakhale pafupi ndi khomo, poti nkhungu zikatuluka m'nyanja zimalondola kuwala.

Okhala m'nyumba zapansi akumbukire chaka cha 2024, pamene nyanja inakwera nilowa m'nyumba zambiri za m'mphepete. Gulani makabati a miyendo, ndipo mabuku ndi zikalata zikhale pamwamba.