PEPALA LINGANAME, KOMA LIMASIYA MAPAZI

Abale ndi alongo a nthambi yathu ya Chikamveka,

Alipo anthu amene amatitseka pakamwa ndi mau akuti, "Zalembedwa, mlandu watha." Mau amenewa ndi msampha, ndipo makolo athu anakodwamo kale. M'zaka za m'ma 1890 mafumu ena anaika mtanda pa mapepala amene sanathe kuwerenga, boma la Harry Johnston pano pa Zomba nilipatsa Azungu zikalata za malo, ndipo m'minda imeneyo munabadwa thangata.

Koma pepala lonama limasiya mapazi. Kumbukirani cisankho ca pa 21 May 2019. Mapepala a zotsatira anafika ku bwalo la milandu ena atapakidwa Tipp-Ex, ena manambala atasinthidwa, ena opanda saini. Oweruza asanu anawasanthula, ndipo pa 3 February 2020 anafafaniza cisankho ca Pulezidenti. Bwalo la Supreme linavomereza pa 8 May, anthu naponyanso voti pa 23 June. Ngati pepala la mpando waukulu cotere linafunsidwa mafunso, kodi la munda wa mai wamasiye lingakane bwanji?

Alipo akatswiri a nchito imeneyi. Amatenga saini yokayikitsa ndi kuilinganiza ndi masaini ena eni eni a munthuyo. Wokopa dzanja la mnzake amalemba pang'onopang'ono, peni nimanjenjemera ndi kuima pamene mwini wake saima. Nyali yowalira cam'mbali imaonetsa mizere imene peni inadinda pa pepala la pansi. Nyali zina zimasiyanitsa inki ziwiri zofanana m'maso, kotero kuti ziro woonjezedwa pambuyo amaonekera. Katswiri amapereka umboni wake, woweruza ndiye agamula. Koma katswiri afuna pepala leni leni. Fotokope imabisa zambiri.

Tsono ife ticitenji? Musasaine kapena kudinda cala pa pepala limene simunawerenge kapena kuwerengeredwa ndi munthu wanu. Musadinde pa pepala lopanda kanthu, ngakhale akupatseni ulemu wotani. Pogula kapena kubwereka munda, aliyense atenge lake losainidwa, alisunge pouma, kutali ndi ciswe. Lamulo la cuma ca masiye la 2011 lifuna kuti wilo isainidwe pamaso pa mboni ziwiri. Wobwera ndi wilo pamaliro mumfunse kuti mbonizo ndani. Sungani makalata akale a bambo ndi mai, pakuti ndiwo adzawalankhulira iwo atapita.

Ndipo ku mabwalo a Zomba tinene poyera: wosauka akati, "Dzanja ili si langa," pepalalo lipimidwe, asabwezedwe cifukwa alibe ndalama za katswiri. Cilungamo cimene cinatheka pa voti citheke pa munda.

Bwerani ndi mapepala anu ku msonkhano wa nthambi, tiwerengerane.

Ine wanu,
Mlembi wa Nthambi