Idyani mbewa, koma siyani machesi

M'minibasi yochokera ku Limbe kupita ku Muloza, mnyamata wina anatulutsa mpani wa mbewa m'jumbo. Bambo wa tayi amene anakhala pambali panga anagwira mphuno. "Mpaka lero anthu akudyabe makoswe?"

Makoswe! Achimwene, munakulira kuti? Khoswe ndi wa kudenga ndi m'nkhokwe. Mbewa ndi ya kumunda, imadya chimanga, mtedza ndi nandolo, zomwe mumadya inu nomwe. Nanga nkhuku yanu ya mufiriji ija, mukudziwa chimene inadya?

Ine mbewa ndinakulira. Tikakolola, tinkapita kumunda ndi khasu, kufufuza una, kukumba mpaka kufika pa masa. Kunyumba amayi ankazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere mpaka madzi aphwe, n'kuziwamba pamoto zitapanidwa pampani. Kapuku wonona, nsima yotentha, tsabola pambali. Mwana amene sanalawe nyama chichokere Khirisimasi amapeza ndiwo popanda kutulutsa ndalama. Inu mukufuna adye chiyani, tayi yanuyo?

Mukuti ndi zachikale, azungu atiseka. Azungu ake ati? Ku Louisiana, m'dziko la America, kuli anthu otchedwa Cajun, zidzukulu za Afalansa amene Angerezi anawathamangitsa ku Canada kuyambira mu 1755. Atafika m'madambo a kumeneko ankadya chimene tchire lawapatsa. Mpaka lero alipo amene amasaka usiku ndi agalu kanyama kotchedwa raccoon, n'kukaphika ndi mbatata. Achule ndi ng'ona amadyanso, ndipo alendo amalipira madola kuti alaweko zakudya zawo. Ife tikubisa mpani m'jumbo ngati katundu wakuba. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Koma inu osaka, musayambe kuomba m'manja. Mlandu wanu ndi waukulu kuposa wa bambo wa tayi uja.

Ndani amayatsa moto umene timauona usiku ukukwera phiri la Mulanje m'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala? Mizimu ya ku Sapitwa? Mukuti kutentha tchire kumathandiza kuti mauna aoneke. Ulesi! Chifukwa cha mbewa khumi, munthu wamkulu ndi ndevu zake amayatsa kamtengo kamodzi ka machesi n'kutentha udzu wofolera nyumba wa mudzi wonse, mapesi amene akanawolerana n'kubwezera chonde m'nthaka, mitengo imene ana asukulu anabzala dzinja lapitali, kenako amabwerera kwawo akuimba mluzu, moto uli m'mbuyo ukulowera m'nkhalango. Amenewo ndi malonda? Kuwotcha nkhokwe pofuna kukazinga chimanga cha m'manja?

Nkhalango ya phirili inatetezedwa ndi lamulo mu 1927. Mkungudza wa Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, watsala pang'ono kutheratu, ndipo mbande zake zikapsa sizidzukanso. Inde, ocheka matabwa ndi owotcha makala ali ndi mlandu wawo. Koma kuba kwa mnzako sikuyeretsa manja ako. Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Thuchila zimachokera m'phiri lomweli, ndipo madzi a Likhubula amamwedwa mpaka ku Blantyre. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala n'kukwirira midzi kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe. Tinaika maliro. Ndiye lero tizisenda phiri ndi manja athu omwe?

Agogo athu ankatchera diwa, ankatchera misampha, ankakumba mpaka thukuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafumu, nkhaniyi ndi ya pabwalo panu. Wogwidwa akuyatsa tchire alipe mbuzi, anthu onse akuona. Wokumba ndi khasu musiyeni, ndipo mpani wake augulitse poyera. Ine ndigula iwiri.