Nthano za Mawa Sizidikira Alawansi

Acinyamata anzanga, pali matenda awiri amene atigwira kuno ku Mwami ndi m'Chipata monse. Oyamba ndi kuopa cinthu ciriconse cimene sitinacizolowere, ndi kucicha ca Satana tisanacifufuze. Aciwiri ndi kukana kunyamula ngakhale benci limodzi mpaka atiuze kuti alawansi ndi zingati. Ndifuna kulimbana ndi matenda onsewa pokuuzani za misonkhano ya anthu okonda nthano za sayansi ndi za maiko ongopeka.

M'caka ca 1939 anthu pafupifupi 200 anakumana mu mzinda wa New York kukambirana za mabuku onena za maulendo a kumwezi ndi makina a m'tsogolo. Msonkhano umenewo, wochedwa Worldcon, ucitikabe, ndipo masiku ano kumafika anthu zikwizikwi. Mu 2023 unali ku Chengdu m'dziko la China, mu 2024 ku Glasgow. Tamverani apa: komiti yake ndi ya anthu ongodzipereka. Olemba maina pakhomo, okonza ndandanda ndi osunga ndalama salandira malipiro. Mamembala amasankha okha mzinda wa msonkhano kutatsala zaka ziwiri, ndipo ndiwo amaponya voti ya mphotho ya Hugo, imene inayamba mu 1953. Kufikira lero Worldcon sunacitikepo mu Africa.

Mwina mukuti izi ndi za azungu. Iai! Ku Lusaka gulu la acinyamata la Nerd Otaku linayambitsa Lusaka Comic Con, kumene ojambula zithunzi ndi okonda nthano amakumana, ena atavala ngati anthu a m'nkhani zimene amakonda. Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka, analandira mphotho ya Arthur C. Clarke mu 2020 cifukwa ca buku lake la The Old Drift. Malenga Mulendema anapeka Supa Team 4, katuni ya atsikana anai opulumutsa Lusaka wam'tsogolo, imene inaonetsedwa pa Netflix mu 2023. Kutsidya kwa malire athuwa, Shadreck Chikoti wa ku Malawi analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka mazana akudzawo. Ndipo mu 1964 Edward Mukuka Nkoloso anali kugubuduza ophunzira ake m'migolo powakonzekeretsa ulendo wa kumwezi. Dziko linamseka, koma dzina lake silinafe.

Tsono kwa inu amene mumati nthano zotere ndi za mdima, ndifunse: kodi agogo anu pokusimbirani za Kalulu ndi Fisi madzulo anali kukuphunzitsani ufiti? Kodi Kalulu analankhulapo Cinyanja? Tsegulani Oweruza caputala 9, mudzapeza Yotamu akusimba za mitengo imene inapita kukafuna mfumu. John Bunyan analemba za ulendo wa Mkristu monga loto. C.S. Lewis, mlembi wa nkhani za Narnia, anali mtetezi wa cikhulupiriro. Nthano ndi mphika; cofunika ndi kuona cimene caphikidwamo.

Sindikana kuti alipo mafilimu onyansa, odzaza mwazi ndi dama, ndi ena otamanda matsenga. Koma taonani zimene kuletsa kwathu kwabala. Mng'ono wanu amaonerabe zonsezo pa foni, ali yekha m'bulangeti, popanda womfunsa kuti waphunzirapo ciani. Kuletsa sikunamteteze, kwangomphunzitsa kubisa. Kuli bwino tiwerenge ndi kuonera poyera, tikangane, tisankhe mbeu ndi kutaya mankhusu.

Kwa inu a alawansi, manyazi akugwireni. Pamaliro ndani amalipira adzukulu okumba manda? Ndani amalipira amai otunga madzi ndi kuphika nsima ya khamu lonse? Nchito yodzipereka tinabadwa nayo. Koma lero tazolowera maworkshop a kuhotela, kumene timasaina pepala, kudya nkhuku, ndi kuiwala zonse tisanafike pa siteshoni. Wina akati tipange cathu, funso loyamba ndi lakuti, "Adona ndani?" Cinthu ca adona cimafa tsiku limene galimoto yao yacoka.

Nayi pempho langa kwa magulu onse a acinyamata. Pa chuthi ca sukulu tipemphe holo kapena kalasi kwa tsiku limodzi. Tisankhe komiti: wapampando, mlembi, msungicuma. Aliyense asonkhe kangacepe, ndipo ndalama zonse ziwerengedwe pamaso pa anthu, cifukwa misonkhano yambiri imafera m'thumba la munthu mmodzi. Tiitane agogo awiri adzasimbe nthano m'mawa. Masana pakhale mpikisano wolemba m'Cinyanja nkhani ya Chipata wa caka ca 2100: kodi mvula idzagwa bwanji, nshawa tidzalima motani, odwala adzaciritsidwa ndi ciani? Ojambula apacike zithunzi zao kukhoma. Mphunzitsi wa sayansi atiuze zimene zingatheke ndi zosatheka. Opambana asankhidwe ndi voti ya onse. Anzathu a ku Mchinji tiwaitanenso, pakuti cilankhulo ndi cimodzi.

Mutu umodzi susenza denga. Mukakumana sabata ino, ikani nkhaniyi pa ndandanda, ndipo musabalalike musanalembe maina a odzasesa holo.